Kadamsana wa dzuwa akubwera mu 2030, maso anu muwasamale

Abale anga aku Mangochi, nkhani iyi ndayamba kuikamba msanga dala chifukwa tsikulo likadzafika aliyense adzakhala maso ali kumwamba, palibe adzamve za malangizo. Pa 25 Novembala 2030 mmawa kudzachitika kadamsana wa dzuwa, mwezi udzadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa nkulitchinga. Kudzada bii mkamzere kochepa chabe kodutsa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, mizinda ngati Windhoek ndi Durban ili momwemo. Kuno kwathu ayi. Ife dzuwa lidzangodyeka mbali imodzi, mbali inayo nkumawalabe, ndipo apa mpamene pali ngozi yonse.

Akuluakulu mukukumbuka pa 21 Juni 2001 pomwe ku Lusaka kunada masana, komanso pa 1 Seputembala 2016 pomwe kumwera kwa Tanzania dzuwa linatsala ngati mphete. Anthu ambiri nthawi zimenezo amayang'ana ndi chilichonse chomwe apeza pafupi, ndiye tiyeni timvetsetsane chomwe chimachitika mmaso.

Kumbuyo kwa diso mkatimo kuli kansalu kopyapyala komwe madokotala amati retina, nkomwe kamalandira kuwala kuti tione. Masiku onse ukati uyang'ane dzuwa maso amatsinzina okha, koma pa kadamsana kuwala kumachepa ndiye munthu umapirira nkuyang'anitsitsa, ukuona ngati palibe vuto, pomwe kachigawo kadzuwa kotsalako kakuotcha kansalu kaja. Choopsa kwambiri nchakuti kansaluko sikamva kuwawa. Mwana atha kuyang'ana, kuseka, kupita kukadya nsima bwinobwino, kenako patapita maola angapo kapena mawa lake nkuyamba kunena kuti akuona kadontho kakuda pakati pa chilichonse, zilembo zapa bolodi zikuoneka zokhotakhota, nkhope za anthu zili mbuu. Ena amachira pang'onopang'ono pakapita miyezi, ena kadonthoko kamakhala mpaka kalekale, ndipo palibe mankhwala odontheza omwe angabwezeretse pomwe papsa. Tangoganizani msodzi yemwe sangathenso kuona bwino posoka ukonde, kapena wakabaza osaona dzenje kutsogolo kwake.

Magalasi adzuwa ogula pamsika aja sateteza, olo mutavala awiri atatu nthawi imodzi. Galasi lodetsedwa ndi utsi wa koloboyi, botolo lakuda, CD, pepala la X-ray, zonsezi ayi. Ndipo chonde amayi, zija zoika madzi mbeseni kuti ana aonere mmenemo tisiye, madzi amabweza kuwala komweko kulowa mmaso, nyanjanso chimodzimodzi, inu amene mudzakhale pa bwato kapena pa doko musamayang'anitsitse chithunzi cha dzuwa pamadzipo. Zoonera patali zija ndiye zoopsa kuposa zonse chifukwa zimasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, diso limapsa nthawi yomweyo.

Chotetezeka ndi magalasi opangidwira kadamsana, olembedwa ISO 12312-2. Mukawavala simuyenera kuona chilichonse kupatula dzuwa lokha, ngati mukuona nyumba kapena mitengo dziwani kuti akuberani ndalama, ngati abooka kapena kukalika tayani. Galasi la owotcherera zitsulo limatheka pokhapokha likhale la nambala 14, ambiri omwe ali mmashopu mwathu ndi ochepera pamenepo ndiye osangobwereka poti ndi lakuda.

Koma ine njira yomwe ndimaikonda siyofuna ndalama. Tengani kachidutswa ka katoni, boolani kabowo ndi singano, fulatirani dzuwa, kuwala kudutse pakabowoko kugwere papepala loyera pansi. Mudzaona dzuwa lodyekalo papepalapo. Olo kungokhala pansi pa mtengo wa mango, timadontho tadzuwa todutsa mmasamba tija tonse tidzasanduka ngati timiyezi tatsopano pansipo, ana amasangalala nazo kwambiri ndipo maso amakhala akuyang'ana pansi. Aphunzitsi konzekerani zimenezi, nthawiyo ana adzakhala ali panjira kapena angofika kumene kusukulu, musadzawasiye panja okha.

Amene muli ndi abale ku Joni, ndipo ku Mangochi kuno ndi nyumba zochepa zomwe zilibe, auzeni kuti Johannesburg sili mkamzere kaja, kumenekonso osavula magalasi. Amene ali ku Durban atha kuyang'ana ndi maso okha panthawi yochepa yomwe dzuwa laphimbika lonse basi, kuwala kukangothwanima mmphepete avalenso msanga.

Za chigulu cha anthu, Novembala kuno mukumudziwa kutentha kwake. Ngati mudzasonkhane pabwalo la sukulu, kumzikiti kukapemphera, kutchalitchi kapena mmbali mwa nyanja ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, nyamulani madzi akumwa owiritsa kapena othira klorini, chipewa, ndipo agogo ndi makanda akhale pamthunzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatipweteka kwambiri boma lino, ndiye okonza malo onetsetsani kuti zimbudzi zilipo komanso madzi ndi sopo osambira mmanja, ogulitsa zakudya vindikirani. Mwana muikireni mthumba kapepala kolemba nambala yanu ya foni. Madalaivala, a njinga zamoto ndi akabaza osayendetsa uku mukusuzumira kumwamba, ndipo pa mlatho wa Bakili Muluzi pasadzakhale poimapo kuonera.

Amayi oyembekezera musaope, kadamsana sapweteka mwana mmimba, saononga chakudya kapena madzi, idyani ndi kumwa monga mwa masiku onse.

Wina akadzayamba kuona kadontho kapena zinthu zokhota kadamsana atadutsa, musathire mmaso mankhwala azitsamba kapena mkaka wa mmawere, pitani naye kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, akatha kukutumizani kwa a zamaso ku chipatala chachikulu pa boma, ndipo mukawauze mosabisa kuti anayang'ana dzuwa komanso kwa nthawi yaitali bwanji.