Kudula masipuling'i si kupepukitsa galimoto

Amakaniko ambiri amakhulupirirabe kuti kudula masipuling'i akutsogolo kumapepukitsa galimoto n'kuithandiza kugwira msewu. Galimoto imatsikadi, koma chitsulo chodulidwacho n'chochepa moti kulemera kwake sikusintha kanthu.

Chimene chimasintha ndi kuuma. Sipuling'i ya makoyilo (mizere yake yozungulira) 8 ogwira ntchito mukaidula kutsala 7, imauma ndi 14 peresenti, pamene shoko idakali yakale ija ndipo mpata wake woyendamo wachepa. Pa bampu pamangomveka kuti khu! shoko yagunda pansi, posakhalitsa yayamba kudontha mafuta. Nsonga yodulidwayo sikhazikikanso pampando wake, ndipo tayala likagwa m'dzenje sipuling'i imatha kuguluka. Odula ndi moto wa gasi ndiye amaonjeza, chifukwa kutentha kumafooketsa chitsulo. Galimoto ikatsika kwambiri, control arm (chitsulo cholumikiza tayala ku thupi la galimoto) ndi tie rod (chitsulo cholumikiza chiwongolero ku tayala) zimapendekeka, chiwongolero n'kumadzikhotera chokha pamsewu wa mabampu.

Kupepuka kothandiza kuli pa zimene zimadumpha limodzi ndi tayala, makamaka marimu. Ayezeni pa sikelo musanagule, poti ena a aluminiyamu amalemera kuposa achitsulo.

Ngati mukufuna kutsitsa, gulani masipuling'i opangidwira zimenezo, otsitsa mamilimita 30 mpaka 35, ndi mashoko ogwirizana nawo. Mabushi (malabala a m'malo olumikizira zitsulo), ma ball joint (mfundo zolumikiza control arm ku tayala) ndi ma tie rod end (nsonga za tie rod) sinthani mbali zonse ziwiri. Mabawuti a mabushi muwamange komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Mukawamanga ili pa jeke, labala imakhala yopotoka ndipo imang'ambika msanga. Kenako kapangitseni alayimenti, kuti matayala awongoledwe.