Akatswiri a nyenyezi ambiri usiku amagona

Mwana akanena kuti akufuna kukaphunzira fizikisi kuti adzafufuze za kuthambo, funso la makolo limakhala limodzi, kaya ndi ku Kapata, ku Katete kapena ku Lundazi: "Nanga adzadya nyenyezizo?" Funsoli si lachipongwe. Munthu amene wagulitsa nshawa kapena thonje kuti alipirire mwana sukulu ayenera kudziwa kumene thukuta lake likupita. Ntchito yanga ndi yomweyi, kuphunzitsa fizikisi ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta a kafukufuku wa zakuthambo, choncho ndifotokoze mmene imayendera.

Ambiri akamva za katswiri wa nyenyezi amaona mkulu wina ali pamwamba pa phiri, diso lili pa telesikopu mpaka tambala kulira. Zimenezo zinatha kale. Makina akuluakulu a masiku ano alibe n'pomwe poika diso.

Tengani MeerKAT, imene ili m'chipululu cha Karoo ku South Africa ndipo inatsegulidwa mu 2018. Ndi madishi 64, lililonse lotambalala mamita 13.5. Madishiwa saona kuwala ayi, amatola mafunde a wailesi ochokera ku mipweya, ku nyenyezi zakufa ndi ku milalang'amba yakutali, ndipo dzuwa likatuluka ntchito siima. Chimene chimatuluka m'madishimo si chithunzi, ndi manambala okhaokha. Kompyuta imatenga zimene dishi limodzi latola n'kuzifananiza ndi za dishi lina lililonse, ndipo pa madishi 64 magulu a awiriawiri otere amakwana 2,016. Pakusiyana pang'ono kwa nthawi imene funde lafikira pa dishi ili ndi pa dishi lija, pulogalamu imawerengera mbali ya thambo kumene fundelo lachokera, kenako n'kumanga chithunzi. Zithunzi zokongola zimene mumaziona pa Facebook zija zinachita kuwerengedwa ndi masamu. Amene sadziwa kulemba pulogalamu, ngakhale mutamupatsa MeerKAT yonse, sangaone kanthu.

Kale maso ankakwanitsa. Mu 1967 Jocelyn Bell, ali wophunzira ku Cambridge, ankayang'ana yekha pepala lalitali limene cholembera cha makina chinkajambulapo mizere, pafupifupi mamita 30 tsiku lililonse. Pamenepo anaona kachizindikiro kakang'ono kobwerabwera, ndipo atakafufuza anapeza kuti kakugunda pa masekondi 1.3 alionse osaphonya. Inali pulsar yoyamba kudziwika, chitsalira cha nyenyezi yophulika chimene chimazungulira mwaliwiro n'kumatiwalira mafunde. Mphotho ya Nobel ya 1974 inapita kwa Antony Hewish, amene ankamuyang'anira, ndi Martin Ryle, iye osapatsidwako. Ambiri a ife nkhaniyi imatiwawabe.

Lero pepala silingathandize. Chithunzi choyamba cha black hole, malo amene mphamvu yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikuthawako, chinatuluka pa 10 Epulo 2019. Matelesikopu 8 a m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi anatola zinthuzo mu Epulo 2017, ndipo zinakwana pafupifupi mapetabyte 5. Petabyte imodzi ndi magigabyte 1,000,000, ndiye ganizirani kabandulo kanu ka 2GB. Kuzitumiza pa intaneti kukanachedwetsa, motero ma hard drive ananyamulidwa pa ndege kupita ku Bonn ku Germany ndi ku Haystack ku America. A ku South Pole anadikira miyezi kuti nyengo yozizira ithe ndege ziyambenso kuuluka. Zaka ziwiri za pakatipo zinathera pa kompyuta.

Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kupeta, kuchotsa mankhusu kuti patsale njere zochepa. Mafunde ochokera kuthambo ndi ofooka kwambiri, pomwe foni, ndege, satelayiti, ngakhale injini ya galimoto zimachita phokoso loposa. N'chifukwa chake pafupi ndi madishi a ku Karoo foni siloledwa. Ku Parkes ku Australia akatswiri anavutika zaka zambiri ndi chizindikiro china chachilendo chimene chinkakonda kubwera masana nthawi ya chakudya. Mu 2015 anapeza gwero lake: microwave yotenthetsera chakudya ya pamalopo, anthu akaitsegula chitseko isanazime. Musaseke kwambiri. Wofufuza aliyense akaona chinthu chodabwitsa pa sikirini amayamba wakayikira makina ake ndi pulogalamu yake, thambo limabwera pomaliza.

Tsiku la munthu wotere limafanana ndi la mu ofesi ina iliyonse. Amalemba pempho lofotokoza chifukwa chake telesikopu iyang'ane pamalo akuti kwa maola akuti, komiti n'kuvomera kapena kukana, ndipo kukanidwa si kwachilendo. Manambala akafika amalemba pulogalamu, kawirikawiri m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Python, n'kuiyendetsa. Pamene ankayembekeza mzere wosalala pamatuluka zokhotakhota. Masiku amatha akusaka cholakwika, mwina n'kupeza kuti pena anaika madigiri pamene pulogalamu imafuna muyeso wina wa ngodya. Zikalongosoka amalemba pepala, anzake a ntchito yomweyo n'kulisanthula asanalole kuti lisindikizidwe.

Kuphunzitsa kumabwera nayo ntchitoyi, pakuti ofufuza ambiri amalembedwa ndi mayunivesite ndipo malipiro awo ndi a uphunzitsi. Pali ena amene amaona kalasi ngati chopinga pa kafukufuku wawo. Ine sindigwirizana nawo. Munthu amazindikira kuti chinthu sanachimvetse pamene mwana wa giredi 10 wamufunsa "chifukwa chiyani" kachitatu.

Ndipo kuphunzitsa zakuthambo sikulira zida zodula. Chipata ili pa madigiri pafupifupi 13.6 kum'mwera kwa equator, kotero kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuwa limadutsa pamutu penipeni. Zikani ndodo yowongoka pabwalo la sukulu, muionetsetse ndi chingwe chomangirira kamwala kuti yaima chilili. Mu Okutobala, cha m'ma 11:30, osati 12 koloko monga ambiri amaganizira, mthunzi umafupika mpaka kulowa pansi pa ndodoyo. Ana amazungulira kuufunafuna. Tsiku lomwelo mnzanu ku Livingstone akayeza pamene mthunzi wa kumeneko wafupikitsitsa, ndodo yake imakhala ndi kamthunzi koloza kum'mwera. Kusiyanako, pamodzi ndi mtunda wa pakati panu kuchoka kumpoto kupita kum'mwera, kumakwanira kuwerengera kukula kwa dziko lapansi, monga anachitira Eratosthenes ku Egypt zaka zoposa 2,000 zapitazo. Akuluakulu akukumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene ku Lusaka kunada masana kwa mphindi zoposa zitatu, kuno dzuwa n'kungodyeka mbali yaikulu. Tsiku ndi mphindi zake zinali zitawerengedwa kalekale, ndi masamu a mtundu womwewu.

Tsono Zambia ili pati? Telesikopu yaikulu ya SKA ikumangidwa ku South Africa ndi ku Australia, ndipo kumanga kunayamba mu Disembala 2022. Mbali ya ku Karoo idzakhala ndi madishi 197 kuphatikizapo a MeerKAT aja. Zambia ndi limodzi mwa mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi, pamodzi ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique ndi Namibia. Ghana inatsogola mu 2017 pamene inasandutsa dishi lakale la zamtokoma la mamita 32 ku Kutunse kukhala telesikopu. Pulogalamu ya DARA, yotsogoleredwa ndi University of Leeds, yaphunzitsapo achinyamata a ku Zambia luso la telesikopu za wailesi.

Njira yake ndi yaitali: digiri yoyamba ya fizikisi ku UNZA kapena ku Copperbelt University, kenako masters ndi PhD, nthawi zambiri kunja, pa thandizo lopikisanirana. Akamaliza amagwira makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, uku ndi uku, asanapeze malo okhazikika. Makolo anzanga, apa ndisakunamizeni: mipando ya ofufuza zakuthambo m'dziko muno ndi yowerengeka, ndipo ngakhale kunja ambiri a PhD sathera mu kafukufuku.

Koma satuluka chimanjamanja. Munthu amene wazolowera kupeza kachizindikiro kofooka pakati pa manambala mamiliyoni amafunidwa ku banki, ku makampani a mafoni ndi ndalama za pafoni, ku migodi, ku zanyengo, ndi kumene amayeza minda ndi zithunzi za satelayiti. Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web ku CERN, malo ofufuzira za fizikisi ku Ulaya, mu 1989, digiri yake ndi ya fizikisi. Njira imene inathandiza kuti Wi-Fi izigwira bwino m'nyumba inachokera kwa gulu la John O'Sullivan ku Australia, amene anayambira ku telesikopu za wailesi.

Chimene chimagwetsa ana ambiri ndi masamu, osati kusowa telesikopu. Amene akufunadi njirayi, mtsikana kapena mnyamata, atenge Additional Mathematics ndi sayansi zoima pazokha ngati sukulu yake ili nazo, ndipo ayambe Python asanamalize giredi 12. Python ndi yaulere. Stellarium, imene imakuuzani dzina la nyenyezi iliyonse imene mukuiona, ndi yaulerenso pa kompyuta. Miyeso ya satelayiti ya Gaia, ya nyenyezi zoposa 1 biliyoni, aliyense akhoza kuitenga pa intaneti, yofanana ndendende ndi imene pulofesa wa ku Cambridge amagwiritsa ntchito.

Makolo ena amandifunsa za matelesikopu apulasitiki otsika mtengo aja. Musagule. Miyendo yake imagwedera, mwana amalephera kupeza ngakhale Nthanda, pakatha sabata chidole chili pansi pa bedi. Ndalamayo iwonjezereni pa laputopu yakale ya batire lolimba, poti magetsi athu mukuwadziwa. Ikatsalako, gulani mabainokyula wamba: atatsamiritsidwa pakhoma kuti asagwedere, amaonetsa zigwa za pamwezi ndi miyezi ikuluikulu ya Jupiter, imene imasuntha malo usiku uliwonse moti mwana akhoza kuijambula m'kope n'kuwerengera yekha masiku amene umodzi umatenga kuti uzungulire.