Manambala akasiyana pa Luger, musathamangire girayinda

Sabata ino ndamvanso mawu aja kachitatu: "Amisiri, manambala sakugwirizana, tandikonzereni afanane." Ndatopa nawo. Ndatha zaka zambiri pa benchi yokonzera mfuti zakale kuno ku Johannesburg, ndipo mfuti imene eni ake amaiwononga kwambiri poganiza kuti akuisamala ndi Luger P08, pisitolo ya asilikali a ku Germany ija yomwe chitsulo chake chapamwamba chimapindika ngati bondo ikawomba. Ndilembe kamodzi, kuti wina akadzafunsanso ndizingomulozera pano.

Luger inkasulidwa ndi makina koma kumalizidwa ndi manja. Mmisiri ankapala tizitsulo ndi tupa mpaka tikhazikike pa mfuti imodzi yokhayo, ndiye kuti tisasokonekere ndi ta mfuti ina, ankadinda manambala awiri omaliza pa kachitsulo kalikonse: pa bondo lija, lomwe timalitcha toggle, pa kambale ka m'mbali, pa chokokera, pa kotsekera. Nambala yonse imakhala kutsogolo kwa thupi la mfuti, pansi pa mpope, ndi kumanzere kwa chitsulo chogwira mpopewo. Pansi pa nambala ya thupi pamakhala kalemba kakang'ono kopendekeka, ndipo anthu ambiri ponditumizira zithunzi amakasiya. Musamakasiye. Nambala yonseyo imakhala ya manambala anayi, ndipo akatha ankayambiranso ndi lemba lina, a, b, c, motero, moti mfuti zokhala ndi nambala 4521 zilipo zambirimbiri. Nambala yopanda kalemba, chaka ndi dzina la fakitale sindingakuuzeni nayo kanthu.

Chaka chili pamwamba, pamene pamalowa chipolopolo. Wopanga ali pa toggle: zilembo zolukana za DWM ya ku Berlin, chisoti chachifumu pamwamba pa mawu oti ERFURT, kapena zizindikiro zobisa dzina zimene Mauser ya ku Oberndorf inkagwiritsa ntchito, S/42, kenako 42, kenako byf. Pamene Germany inkabisa zoti ikupanganso zida, ngakhale chaka chinkabisidwa: K ndi 1934, G ndi 1935. Mukaona zaka ziwiri, tinene 1917 ndi 1920 pamwamba pake, si kulakwitsa. 1920 imeneyo ndi chidindo chosonyeza kuti mfutiyo inali katundu wa boma nkhondo yoyamba itatha.

Mwezi wathawu mnyamata wina wa kwathu ananditumizira zithunzi pa WhatsApp, akuti agogo awo anaitola ku Karonga pa nkhondo ya mu September 1914, pamene Ajeremani ochokera ku German East Africa anathira nkhondo tauniyo. Nkhani yokoma. Koma pa toggle panali byf, pamwamba 42. Mfuti ya 1942 singatoledwe mu 1914. Ngati inafikadi kumbali yathu ino kalekale, njira yomveka ndi ya Apwitikizi, omwe anagula ma Luger a Mauser pa nthawi ya nkhondo yachiwiri n'kudzawagwiritsa ntchito m'maiko omwe ankawalamulira, kuphatikizapo Mozambique. Ndinamuuza zimenezo, ndipo ndisanamuuze n'komwe ndinayamba ndamufunsa ngati mfutiyo ili ndi chiphaso. Ngati ilibe, ulendo woyamba ndi wa kupolisi, osati kwa ine.

Tsono kusiyana kwa manambala. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mfuti yomwe yadutsa nkhondo ziwiri singafike lero ili monga inatulukira m'fakitale. Magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, ndiye sitiwerengera n'komwe. Asilikali ankasinthana okha m'maenje a kunkhondo. Kambale ka m'mbali kamagwa mosavuta pophwasula, ndiye wokonza zida wa gulu ankangoikapo kena. Zimene zinagwidwa ndi asilikali a Soviet Union zinkaphwasulidwa zambiri nthawi imodzi, kunyikidwa mu mtundu wakuda, n'kulumikizidwanso mosasankha. Apolisi a ku East Germany ankafufuta nambala yakale ndi mzere n'kudinda ina pambali, nthawi zina kuika mpope watsopano ndi zogwirira za pulasitiki. Zonsezi ndi kusiyana, inde, koma kulikonse kukukuuzani kumene mfutiyo yayenda. Wodziwa amawerenga ngati chiphaso choyendera.

Kusiyana kumene kumandidetsa nkhawa n'kwa mtundu wina: thupi la 1916 pansi, chapamwamba chonse cha 1940. Pamenepo funso silikhala la mtengo, limakhala la nkhope yanu. Tizitsulo tomwe sitinapalidwire limodzi tikhoza kusiya mpata kumbuyo kwa chipolopolo, ndipo mpatawo sumaoneka ndi maso, timachita kuyeza ndi geji. Kambale kachilendo kangapangitse kuti chokokera chisagwire, kapena chigwire msanga. Mpopenso muyeze, chifukwa ma Luger ena ndi a 7.65 mm, osati 9 mm, ndipo mipope inkasinthidwa. Ndipo pali ichi chomwe ambiri sachidziwa: chapamwamba cha Luger chikhoza kuwomba ngakhale mutachichotsa pa thupi, ngati m'kati mwatsala chipolopolo n'kudina kachitsulo ka m'mbali. Anthu avulala nazo akuganiza kuti agwira chitsulo wamba.

Pali mfuti imodzi imene sindiiwala. Anabwera nayo mayi wachikulire ndi mdzukulu wawo. Bambo a mayiwo anali m'gulu la asilikali a South Africa omwe anamenya nkhondo ku Italy mu 1944 ndi 1945, ndipo anabwera nayo m'chikwama. Inali DWM ya 1917, yokhala ndi chidindo cha 1920. Kutsogolo kwa chogwirira kunali zilembo za gulu la asilikali, zofufutidwa ndi timitanda, ndipo pansi pake zilembo zina za omwe anailandira pambuyo pake. Tizitsulo tating'ono tinali tidakali ndi mtundu wake wa m'fakitale wonga wa udzu wouma, womwe Mauser anadzasiya cha mu 1937. Pansi pa mpope manambala anali ndi kuyera kozungulira m'mphepete, chizindikiro choti mtundu wake ndi woyambirira. Chosiyana chinali kambale ka m'mbali ndi magazini basi.

Mayi aja anandifunsa mtengo. Tsikulo ndinali ndi ntchito yambiri, ndipo ndinayankha mwachidule kuti ikanakhala ya manambala ofanana ikanadula kwambiri. Sindinaname. Koma ndinalekera pomwepo, osawonjezera kuti monga mmene inalilimo inali mfuti yabwino kwambiri, ndipo chimene chimafunika ndi mafuta pang'ono ndi kuisiya. Mdzukulu uja anangomva mbali yoyambayo.

Patapita miyezi isanu ndi itatu anabwera yekha, akumwetulira, mfuti ili phuliphuli. Anaipereka kwa munthu wina wowongola magalimoto amene amadzitchanso wodziwa mfuti. Munthuyo anaidutsitsa pa gudumu lopukutira mpaka ngodya zonse zakuthwa zinabulungira ngati sopo wotha. Zilembo za magulu aja, zomwe zikanatiuza kumene mfutiyo inagwira ntchito pakati pa nkhondo ziwirizo, anazipala poganiza kuti ndi zokandika. Pa kambale anafufuta nambala n'kudinda yofanana ndi ya thupi, ndi zidindo za m'sitolo ya zitsulo, 7 wake wooneka mwina, wakuya kuposa anzake. Pamwamba pa zonse anapaka mankhwala a m'botolo odetsa chitsulo, aja amanunkha ngati dzira lowola. Chikomekome cha mkuyu. Nambala yaikulu ya pa thupi inali itafufutika theka, ndipo pamenepo nkhani inasiya kukhala ya mtengo. Pansi pa lamulo la mfuti la kuno ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000, kusintha kapena kufufuta nambala ya mfuti ndi mlandu, ndipo wokonza mfuti amayenera kukhala ndi chiphaso chake. Mayi aja, omwe sanakhudze n'komwe girayinda, ndiwo anayamba kuyenda maulendo ofotokoza.

Chitsulo chikapalidwa sichimera. Dzimbiri ndingalichotse, sipuling'i ndingaisinthe, chogwirira chong'aluka ndingachimate, koma chidindo chomwe chapita ndi fumbi sindingachibweze, ndipo wokuuzani kuti angathe ndi wonama. Nambala yodinda chatsopano siipusitsa wogula wodziwa. Amaiona ndi galasi m'masekondi ochepa, kenako amayamba kukayikira china chilichonse pa mfutiyo, ngakhale chenicheni.

Asing'anga a mfuti oterewa achuluka, makamaka pa intaneti. Wina akuti nyikani mu viniga usiku wonse. Viniga amadyadi dzimbiri, koma amadyanso mtundu wakuda uja, chifukwa nawonso ndi dzimbiri lamtundu wina lochita kupanga dala. M'mawa mupeza chitsulo chotuwa mbuu. Wina akuti sandipepa wosalala sawononga. Amawononga. Wina akuti muyese ndi zipolopolo zamphamvu kuti muone ngati ili yolimba. Toggle ya zaka zoposa 100 ikasweka, kachidutswako kamabwerera kumene kuli diso lanu. Ngakhale kuikoka yopanda chipolopolo mobwerezabwereza kumathyola msomali wowombera, womwe umamenya chipolopolo, womwenso pa zambiri uli ndi nambala yake.

Komanso musamve ngati ndikuti ikani m'kabati muiwale. Kuchedwa kumapha mfuti zambiri kuposa girayinda, kungoti kumapha mwakachetechete. Chikwama chachikopa chimasunga chinyezi, ndipo Luger yogona m'menemo zaka makumi atatu imatuluka ndi timaenje mbali imene inagonera. Pansi pa zogwirira zamatabwa ndi pamene dzimbiri limayambira, pamene simuyang'ana. Zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere mumpope, ndipo ngati womaliza kuwombera sanatsuke ndi madzi, mcherewo ukudyabe mpaka lero. Mukaona madontho ofiira, sabata ino yomwe, osati chaka chamawa. Koma zogwirira musazichotse mwamphamvu: chakumanzere chimathyoka pangodya yapamwamba, pafupi ndi kotsekera, ndipo ndaona zambiri zothyoledwa ndi eni ake tsiku loyamba lomwe.

Chimene ine ndimachita n'chochepa moti ena amakhumudwa polipira. Ndimajambula chidindo chilichonse ndisanakhudze kanthu. Dzimbiri lofiira ndimalifewetsa ndi mafuta masiku angapo n'kulikanda ndi kachitsulo ka mkuwa, kofewa kuposa chitsulo cha mfuti. Ndimayeza mpata, ndimayang'ana ming'alu, ndimapaka phula lopyapyala. Ngati mwini akufuna kumawombera ndipo mfuti yapambana mayeso, ndimachotsa msomali woyambirira ndi zogwirira, n'kuika zatsopano zopanda nambala, zakalezo m'kathumba kolembedwa kuti ziziyenda ndi mfutiyo. Kachitsulo kosiyana nambala kamene kakugwira bwino ntchito ndimakasiya pamene ndakapeza.

Zithunzi za DWM ya 1917 ija ndinali nditajambula ziwiri zokha tsiku loyamba lija, chifukwa cha changu chomwe chija. Chimodzi chikuonetsa chaka. Chinacho chinagwira kutsogolo kwa chogwirira, koma dzanja linagwedera, ndipo pa zilembo za gulu lachiwiri zikuwerengeka ziwiri zoyamba zokha.