Mjigo wowonongeka, khansala ndi tsogolo la Social Studies m'sukulu zathu

Zaka zingapo zapitazo, ndikuyendera ophunzira anga a zauphunzitsi amene ankadziyesera ntchito pa sukulu ina yakumudzi, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 7 pa nthawi ya phunziro la Social. Mutu wa tsikulo unali maboma ang'onoang'ono, ndipo mphunzitsi wachinyamatayo anali atakonzekera bwino. Atafunsa ntchito za khansala, manja anakwera ambiri, ana nkumayankha m'Chingerezi mosaphonya liwu, monga momwe zinalembedwera pa bolodi dzulo lake. Phunziro litatha ndinapempha mphindi zisanu, ndipo ndinafunsa m'Chichewa za mjigo umene ndinaudutsa pafupi ndi bwalo la mpira, umene chogwirira chake chinali chitamangidwa ndi waya. Ndinafuna kudziwa kuti unawonongeka liti, komanso kuti nkhani yake iyenera kukatulidwa kwa yani. Funso loyamba anayankhira pamodzi kuti patha miyezi inayi, ndipo atsikana ena anawonjeza kuti tsopano amayamba akatunga madzi kudambo asanabwere kusukulu. Pa funso lachiwiri kalasi inangoti zii, mpaka mnyamata wina ananena motsitsa mawu kuti mwina akauzidwe a Pulezidenti.

Ana amenewo sanali ofooka m'mutu, ndipo mphunzitsiyo sanali waulesi. Onse anachita zimene dongosolo la maphunziro linawapempha kuchita, ndipo nchifukwa chake ndimaumirira kuti aliyense wofunira zabwino phunziroli ayenera kuyang'ana kwa amene amalemba silabasi, amene amakonza mayeso, amene amaphunzitsa aphunzitsi ndiponso amene amagawa ndalama za boma. Kumeneko nkumene kumagamulidwa zimene zimachitika m'kalasi Lachiwiri m'mawa.

Kwa amene anachoka kusukulu kalekale, ndifotokoze kuti Social Studies ndi phunziro limene limasonkhanitsa mbiri yakale, maonekedwe a dziko, kayendetsedwe ka boma, chuma, chikhalidwe ndi chilengedwe, ndi cholinga choti mwana amvetse malo amene akukhala ndiponso mbali yake pa zochitika za pamalopo. Ku pulayimale, chiyambire kusintha kwa maphunziro kotchedwa PCAR kumene kunayamba kulowa m'makalasi mu 2007, limadziwika ndi dzina loti Social and Environmental Sciences, pamene ku sekondale limayendera limodzi ndi History, Geography ndi Life Skills. Silabasi ndi mabuku zimakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso amakonzedwa ndi MANEB ku Zomba.

Mbiri ya phunziroli ndi mbiri ya dziko lathu lomwe. M'nthawi ya chipani chimodzi mwana ankaphunzira ngodya zinayi, zomwe ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo nzika yabwino inali imene siifunsa mafunso. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, kenako anthu oposa 60 mwa 100 alionse atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, dziko linayamba kupempha zosiyana kwa nzika zake. Gawo 12 la Malamulo Oyendetsera Dziko limanena kuti mphamvu zonse za olamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo olamulirawo amazigwira mongosungitsidwa. Mawu amenewa amafuna munthu wodziwa kufunsa, kuwerengera ndi kudandaula pa khomo loyenera. Koma chaka cha 1994, chimene chinabweretsa Malamulo amenewa, chinabweretsanso maphunziro aulere a ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri amene anali asanapite ku koleji, makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo njira yokhayo yophunzitsira ana oposa 100 nthawi imodzi inali kulemba pa bolodi ndi kuwalowezetsa. Mitu ya m'silabasi inasintha, koma kaphunzitsidwe kanatsala komwe kanali.

Pali chinanso chimene chimandithandiza kumvetsa chete wa ana a Sitandade 7 aja. Ngakhale lamulo la maboma ang'onoang'ono linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi makolo ambiri sanaone khansala akugwira ntchito, choncho sitingayembekezere kuti mwana akaphunzira zimenezi pakhomo pa makolo ake. Ngati sukulu siimuonetsa njira yochokera ku komiti ya mjigo, kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC ndi ya dera ya ADC mpaka ku khonsolo, ndiye kuti adzakula akuganiza kuti chitukuko ndi mphatso imene munthu wamkulu amabweretsa pa galimoto nyengo ya kampeni.

Khomo loyamba logogodapo ndi la mayeso, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi lolemera kuposa ena onse. Zotsatira za Sitandade 8 ndizo zimagamula ngati mwana apite ku sekondale yogonera pomwepo, ku sukulu yoyendera ya CDSS kapena atsale pakhomo, ndipo mbiri ya mphunzitsi wamkulu imayezedwa ndi chiwerengero cha ana osankhidwa. Mphunzitsi aliyense wanzeru amasunga mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndipo akaona kuti mafunso ambiri amafuna mwana akumbukire tsiku, dzina kapena ntchito zitatu za chinthu chakutichakuti, amaphunzitsa zomwezo. Sindikumuweruza, chifukwa inenso ndinachitapo zimenezo pamene ndinali ndi kalasi ya mayeso. Chimene tiyenera kupempha ndi mafunso a mtundu wina. Mwana apatsidwe mapu a mudzi umene uli m'munsi mwa phiri, afotokoze pamene sipayenera kumangidwa nyumba ndi chifukwa chake. Apatsidwe ndondomeko yaing'ono ya ndalama za chitukuko cha sukulu, apeze pamene ziwerengero sizikugwirizana. Apatsidwe nkhani ziwiri zosemphana za chochitika chimodzi, anene imene ili ndi umboni. Mafunso otere amafuna nthawi yambiri pochonga ndiponso ochonga ophunzitsidwa bwino, kotero kuti ndi nkhani ya ndalama imene MANEB siingaimalize payokha popanda unduna wa zamaphunziro ndi Nyumba ya Malamulo. Koma akangoonekera pa pepala zaka ziwiri zotsatizana, kaphunzitsidwe kadzasintha m'dziko lonse popanda kuitanitsa msonkhano uliwonse.

Khomo lachiwiri ndi chiyankhulo. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amachitika m'Chingerezi, ndipo mwana amene akulimbanabe ndi chiganizo chachifupi sangakambirane za ufulu, misonkho kapena mikangano ya malo m'chiyankhulo chimenecho. Amangoloweza. Pempho langa pano ndi laling'ono: unduna ulembe momveka bwino kuti pa zokambirana za m'phunziroli ana ndi ololedwa kuyamba m'chiyankhulo cha kwawo, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena china, kenako nkulemba m'Chingerezi. Aphunzitsi ambiri amachita kale zimenezi, koma mobisa, akumasuzumira pawindo kuopa kuti mlangizi wa zamaphunziro angatulukire.

Khomo lachitatu ndi mantha a mphunzitsi. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha mu Meyi 2019, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni 2020. Kwa wophunzitsa za nthambi zitatu za boma, panalibe chitsanzo chamoyo choposa chimenecho, chifukwa ana anali atamva pa wailesi mlandu wonse ukuyenda. Sabata ya chigamulo cha khothicho ndinamva mtsikana wa Fomu 3 pa sukulu ina akufunsa kuti oweruza amazitenga kuti mphamvu zothetsa chisankho, ndipo mphunzitsi wake, munthu wodziwa bwino ntchito, anayankha kuti zimenezo ndi ndale, atsegule mabuku pa tsamba limene analekezera. Titakhala awiri anandiuza kuti ali ndi ana anayi ndipo safuna kusamutsidwira kutali chifukwa cha kholo limene lamumva molakwika. Mphunzitsi wa boma saloledwa kukopa ana kuti akonde chipani, ndipo lamulo limenelo ndi loyenera, koma pakusowa malangizo olembedwa osiyanitsa kukopa anthu ndi kufotokoza momwe boma limagwirira ntchito, aphunzitsi amathawa zonse ziwiri. Malangizo otere ayenera kuchokera ku unduna, aphunzitsidwe m'makoleji a aphunzitsi monga ya Domasi ndi ya Nalikule, ndipo bungwe la aphunzitsi la TUM liwadziwe kuti lizitha kuteteza membala wake akanamiziridwa.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo sindikuzipeputsa. Ana ambiri amafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga bwino, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amafuna akatswiri a sayansi, ulimi ndi mafakitale, choncho ndalama zochepa zimene zilipo zipite kumeneko. Nzoona kuti mwana wosatha kuwerenga sangapindule ndi phunziro lililonse, ndipo ine sindikupempha kuti nthawi ya masamu idulidwe. Ndikupempha kuti nthawi imene phunziroli linapatsidwa kale isamalandidwe, pakuti m'sukulu zambiri ndi Social imene imayamba kuperekedwa nsembe kukabwera kubwereza masamu, kusesa pabwalo kapena kukonzekera mlendo. Komanso tikumbukire Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakumwera, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe usiku. Sayansi imafotokoza chifukwa chimene dothi lokhuta madzi limagumukira, koma mafunso oti ndani amagawa malo m'mbali mwa phiri, ndani anayenera kuletsa, ndipo chenjezo limafika bwanji kwa mayi wogulitsa makala, onsewo ndi mafunso a Social Studies. Masomphenya omwewo a 2063 amatchula kusintha kaganizidwe ngati chimodzi mwa zofunika, ndipo kaganizidwe kamaumbika munthu akadali wamng'ono.

Bungwe la NICE, limene linayamba mu 1999, limagwira ntchito yotamandika yophunzitsa akuluakulu za ufulu ndi udindo wawo, koma silingalowe m'malo mwa sukulu. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18. Ambiri mwa ana athu safika ku sekondale, kutanthauza kuti zimene mwana wamva pofika Sitandade 8 ndizo adzapite nazo kokaponya voti patatha zaka zinayi kapena zisanu. Kwa mtsikana wa zaka 14, kudziwa kuti chiyambire kusintha kwa Malamulo Oyendetsera Dziko mu 2017 palibe amene angamukwatitse asanakwane zaka 18, ndiponso kudziwa kokanena, ndi nkhani ya moyo wake chaka chomwecho.

Nanga munthu wamba angayambire pati? Makomo alipo, ndipo ambiri ndi otsegula kuposa momwe timaganizira. Silabasi ikamaunikidwanso, a ku Domasi amafunsa maganizo a magulu osiyanasiyana. Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona za maphunziro, nduna ya zachuma imamva maganizo a anthu isanapereke bajeti, ndipo mabungwe monga Civil Society Education Coalition amatsata ndalama za maphunziro chaka ndi chaka. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limalola kholo kufunsa kuti mabuku angati anatumizidwa m'boma lawo. Chimene ndaphunzira pa misonkhano yotere nchakuti wobwera ndi mawu oti phunziroli ndi lofunika amaomberedwa m'manja nkuiwalika, pamene wobwera ndi pepala losonyeza kuti pa sukulu yawo ana asanu ndi atatu amagawana buku limodzi, ndipo teremu yatha maphunziro a Social khumi sanachitike, amayankhidwa. Kuwerengera kotere komiti ya sukulu ndi ya makolo ndi aphunzitsi ya PTA zingathe kuchita ndi kope limodzi lokha.

Wophunzira wanga uja sanaisiye nkhani ya mjigo. Sabata yotsatira anajambula pa bolodi njira yochokera ku komiti ya mjigo mpaka ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo, anatuma ana kukafunsa kwa a mfumu mayina a maudindo a mu VDC, ndipo kalasi yonse inalemba kalata imodzi, poyamba m'Chichewa kenako m'Chingerezi, imene mtsikana wina anakaiwerenga pamaso pa komiti ya sukulu. Ntchito yonseyo inadya maphunziro atatu. Pa tsiku lachinayi a hedi anamuitana ku ofesi, namuyamikira ndi mtima wonse, kenako anamukumbutsa kuti mayeso oyeserera a zoni atsala milungu itatu ndipo mitu iwiri ya m'silabasi sanaikhudze. Anabwerera m'kalasi, natenga choko, nayamba kulemba manotsi pa bolodi.