Kusamalira paipi ya mkodzo mukatuluka m'chipatala

Paipi ya mkodzo, imene azachipatala amaitcha katheta ya Foley, imalowa panjira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo. Kunsonga kwake kuli kabaluni kamene namwino amakafufumitsa ndi madzi opanda tizilombo, nthawi zambiri mamililita 10, kuti paipiyo isatuluke. N'chifukwa chake paipiyi siyikokedwa. Kabaluni kakatuluka kali kofufuma kamang'amba njira ya mkodzo, magazi n'kuyamba kutuluka. Wochotsa amayamba wapopa madziwo ndi sirinji.

Amaiika kwa abambo amene prostate (chiwalo cha abambo chimene chili pansi pa chikhodzodzo) yakula n'kutseka njira ya mkodzo, kwa ochitidwa opaleshoni, komanso kwa amayi okonzedwa fistula (bowo limene limachititsa mkodzo kumangodontha), monga kuchipatala cha Bwaila ku Lilongwe, amene amakhala ndi paipiyo pafupifupi milungu iwiri kuti bala lipole.

Chimene chimavulaza anthu ambiri ndi thumba lolandira mkodzo, limene amalilumikiza kupaipi. Lizikhala m'munsi mwa chikhodzodzo nthawi zonse, koma lisagunde pansi. Magadiyani ena amaliika pabedi pambali pa wodwala, ena amalinyamulira pamiyendo m'minibasi atalibisa m'chitenje. Pamenepo mkodzo wakale umabwerera m'thupi ndi tizilombo, ndipo tikhoza kukafika ku impso. Manyazi ndi omveka, koma limangirireni pamwendo pansi pa zovala, silioneka. Khuthulani lisanadzaze, mutasamba m'manja ndi sopo, ndipo kampopi kake kasakhudze chimbudzi kapena ndowa. Musamachotse paipi pathumba popanda chifukwa.

Tsukani polowera paipi tsiku lililonse ndi madzi ndi sopo basi. Abambo osadulidwa abwezeretse khungu kutsogolo akatha, apo ayi limamanga mutu n'kutupa. Imwani madzi pafupifupi malita 2 patsiku, pokhapokha dokotala atakuletsani.

Mkodzo ukasiya kutsika, onani ngati paipi yapindika kapena mwaikhalira. Kudzimbidwa nakonso kumatseka. Ukamadontha m'mbali mwa paipi, kawirikawiri ndiye kuti yatsekeka kapena chikhodzodzo chikukokana. Paipi yokulirapo siyithetsa vutolo. Pakadutsa maola angapo thumba lili louma, pachinena patafufuma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Thupi likatentha ndi kunjenjemera, kapena agogo akayamba kulankhula zosokonekera, musathamangire kunena kuti ndi malungo. Uzani adokotala kuti pali paipi, ndi tsiku limene anaiika. Paipi ya labala isapitirire milungu 4 m'thupi, ya silikoni milungu 12. Ndipo ulendo uliwonse muzifunsa ngati paipiyo ikufunikabe, chifukwa tsiku lililonse imene ikukhala, ngozi ya matenda imakula.