Dzuwa la ku Joni ndi impso zathu

Masana ena mu Novembala, bambo wina wochokera ku Mangochi anafika pa kiliniki yomwe ndimagwirapo ntchito ya unamwino kuno ku Johannesburg atagwiriziridwa ndi anzake awiri. Ndi mmisiri womanga, ndipo anali ali padenga chiyambire m'mawa. Mutu ukuwaphwanya, minofu ya m'miyendo ikukokana, milomo gwa. Nditawafunsa kuti akodza liti komaliza, anayamba aganiza kaye. "Mbandakucha, anesi." Mkodzo umene anatipatsa unali wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Iwo ankati ndi malungo, koma titapima magazi sitinapeze kanthu. Thupi linali litatha madzi.

Ambirife tinabwera kuno tikudziwa kuti Johannesburg ndi kozizira, ndipo n'zoona, mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere. N'chifukwa chake kutentha timakupeputsa. Koma utsi wa malasha ndi mafuta, monga wotuluka m'malo opangira magetsi ku Mpumalanga, umasiya mpweya umene umatsekereza kutentha kuti kusachoke padziko. Chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba za nyengo, ndipo akatswiri akuti m'kati mwa chigawo chino cha kummwera kwa Africa kukutentha mofulumira kuposa madera ambiri.

Thupi limadziziziritsa ndi thukuta. Thukuta likachuluka munthu osamwa, magazi amachepa m'mitsempha, mtima umagunda mothamanga kuti ukwanitse ntchito, ndipo impso zimalandira magazi osakwanira. Tsiku limodzi impso zimapirira. Koma zikamachitika mobwerezabwereza, kwa wolima m'magadeni a mabwana, wokumba ngalande, mlonda woima padzuwa, impso zimawonongeka pang'onopang'ono popanda ululu wochenjeza. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa anthu athu ambiri ali pa ntchito zoterezi, ndipo ena amaopa kupempha madzi kapena kupuma poopa kuchotsedwa.

Usiku nawo suthandiza. Amene amagona m'mikuku ya malata ku Diepsloot kapena ku Alexandra akudziwa: malata amamwa dzuwa tsiku lonse, zenera ndi limodzi, ndipo chitseko sungachisiye chotsekula chifukwa cha akuba. Thupi silipeza mpata wozizira. Khanda, mayi woyembekezera ndi agogo ndi amene amafooka msanga. Inu amene mumamwa mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa, kapena muli ndi shuga, musasiye mankhwala panokha, koma kukatentha bwerani tikambirane.

Muziyang'ana mkodzo wanu. Ukada, mwachedwa kale kumwa. Mowa ndi zakumwa zija zopatsa mphamvu sizilowa m'malo mwa madzi. Munthu akayamba kubwebweta kapena kukomoka padzuwa, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, muitane ambulansi. Musamumwetse kanthu ali chikomokere.

Mvula nayo yasintha khalidwe, ikubwera yaukali. Tonse tikukumbukira namondwe Freddy mu Marichi 2023, mmene anakokololera anthu ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe dziko lili kale pa mliri wa kolera. Kuno mtsinje wa Jukskei ukasefukira umasakaniza zonyansa ndi madzi a pakhomo, ndipo ana amayamba kutsekula m'mimba. Chimene timaphunzitsa m'makiliniki a kuno ndi ichi: lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, masupuni aang'ono 8 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwana azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wobwera kuchipatala.

Za malungo ndinene mwachidule. Ku Johannesburg malungo safala, koma kumudzi kutentha ndi madzi odikha zimachulukitsa udzudzu, ndipo chitetezo chimene thupi linali nacho chimachepa mukakhala kuno zaka zingapo. Mukabwerako ku holide ya Disembala, thupi n'kutentha, uzani namwino msanga kuti munali ku Malawi.

Bambo aja tinawaika diripi, ndipo madzulo anadzuka okha. Patatha sabata anabweranso kudzapimitsa impso, atanyamula chigubu cha malita awiri m'chikwama chawo cha zipangizo.