Khwekhwe sasankha nyama, ndipo kumupeza si masewera

Anthu akamva za opha nyama mozembera amaganiza za mfuti, koma ife amene timalondera m'nkhalango chimene chimatisowetsa tulo ndi kawaya basi, waya wa buleki ya njinga kapena wa magetsi woba, wopindidwa ngati khwekhwe nkumangidwa pa kamtengo. Mfuti imalira nde timaimva. Waya salira.

Wotchera amati akufuna gwape kapena nguluwe ya ndiwo, chabwino, koma wayayo sadziwa zimenezo. Amagwira chilichonse chodutsa pamenepo, fisi, kambuku, mbawala ya bere, ngakhale galu kapena mbuzi ya kumudzi konkuno. Nyama ikalowetsa khosi kapena mwendo imayamba kuphupha, ndipo ikamakoka mpamene waya akumangika kwambiri, kudula chikopa mpaka kufika pa fupa. Zamphamvu zimadula wayayo nkuthawa naye ali m'thupi, bala limatukusira, mphutsi zimalowa, nyama nkufa patapita masabata. Njovu za m'nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima nazo zili pa chiopsezo chomwecho, chifukwa njovu imafufuza pansi ndi chitamba, nde chitamba chikadulidwa kudya ndi kumwa kumavuta. Ndipo njovu yovulala ndi yaukali, anthu a m'mphepete mwa nkhalango ndi amene amakumana nayo kumunda.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi ichi: munthu mmodzi amatchera misampha yambiri tsiku limodzi, ina amaiwala pomwe anaika, ina amaopa kukaiyendera akamva kuti alonda ali pafupi. Nyama imafera pomwepo nkuwola, palibe wadya, wayayo nkutsala akudikira ina. Ku Liwonde, bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks litayamba kuyendetsa pakiyo mu 2015, anazula misampha ya waya yoposa 36,000. Paki imodzi yokha imeneyo.

Nanga timaipeza bwanji? Osamayenda ukuyang'ana waya, sumuona, makamaka wa dzimbiri kapena amene amuwotcha dala kuti asanyezimire. Umaganiza ngati wotcherayo. Nyama zili ndi njira zake zopita ku madzi, nde chilimwe chikafika pa Seputembala ndi Okutobala mitsinje itauma, misampha imachuluka mozungulira zithaphwi zotsala. Pamene padutsa lupsa msipu nkuyamba kuphuka, napo timayang'anitsitsa, poti ena amayatsa moto dala kuti nyama zibwere pamsipupo.

Kenako umayang'ana zosakhala bwino. Nthambi zodulidwa ndi chikwanje zondandalikidwa ngati kampanda, nkusiya kampata kamodzi, pakampatapo mpamene pali khwekhwe. Masamba ofota pakati pa tchire lobiriwira. Kamtengo kowerama mokayikitsa, kapena kosupuka khungwa cha m'munsi pomwe nyama inkazungulira ikulimbana ndi waya, pansi pake patakumbikakumbika. Fungo la chowola, ntchentche, miimba ikuzungulira kumwamba. Ukapeza msampha umodzi usanyamuke, pafupi pomwepo pali ina, kawirikawiri imakhala mumzere. Timayenda motalikirana pang'ono ndodo ili patsogolo, ndipo malo aliwonse timalemba pa GPS, kachipangizo kosonyeza pomwe munthu ali, kuti tidziwe kobwerera, chifukwa otchera amakonda malo omwewo chaka ndi chaka.

Alonda ndi ochepa, nkhalango ndi zazikulu, Chongoni, Mua-Livulezi, Mvai ku Ntcheu uko. Amayi otola nkhuni ndi ofuna bowa, ndi anyamata oweta ng'ombe, ndi amene amaona misampha ife tisanafike. Mukaupeza uli ndi nyama yamoyo chonde musayandikire, nguluwe yogwidwa imang'amba munthu. Dziwitsani a zankhalango, a zanyama zakutchire kapena amfumu, pali madokotala a nyama amene amaigoneka ndi mankhwala nkuchotsa wayayo. Ndipo amene akutchera adziwe kuti lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ukapezeka ndi mlandu wa njovu kapena ngaka ukhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30, ngakhale utanena kuti iwe umangofuna gwape.